Bokosi la ampulifaya lija latha

Mwezi watha ndinafunsa ngati bokosi la sipika ya gitala ndipangire mlombwa kapena pulayiwudi, komanso chifukwa chimene bokosi langa loyamba linkanjenjemera ndikakhudza nsambo yaikulu. Ambiri munati mlombwa ukhale m'mbali, kutsogolo kokhala sipika ndiikeko pulayiwudi ya 18 mm. Munalasa, abale anga.

Mlombwawo, umene kuno ena amati umbila, ndinagula kwa kalipentala wina ku Ulongwe. Anandilumbirira kuti ndi wouma, koma nditafika nawo kwa alamu anga ku Moatize, ku Mozambique, kutentha kwa kumeneko kunapinda thabwa limodzi ngati uta. Ndinachita kulipala kawiri.

Kunjenjemera kuja sikunali kwa sipika ayi. Ndinkangokhoma misomali popanda guluu. Ulendo uno polumikiza ponse ndapaka guluu, ndamanga ndi masikuluwu, m'makona ndaikamo timatabwa tolimbitsa. Sipika ya mainchesi 12, ya 8 ohm (muyeso wake wa zamagetsi), yagwira pa mabawuti anayi. Kumbuyo ndatseka theka lokha, ndiye mawu akumwazika bwino m'tchalitchi, ngakhale besi yachepako. Zimenezo sizikundidandaulitsa, woimba besi alipo wake.

Vanishi ndiye anandisautsa. Ndinakwecha ndi sandipepala wokhakhala wa nambala 120 kenako wosalalirako wa 220, n'kupaka masana pabwalo, fumbi lonse la mumsewu n'kumatirira. Ndinakwechanso, n'kupaka katatu m'nyumba m'mamawa. Kufiirira kwa mlombwa kwatuluka bwino moti nsalu yakuda ndaphimba kutsogolo kokha.

Chogwirira sindinachipeze, ndiye Lamlungu tikumanyamula awiri. Kulemera kwake, abale!