Wi-Fi Calling ikumaduka ndikangotuluka panja, vuto n'chiyani?

Mayi wa Atatu:
Ndithandizeni abale. Nyumba imene ndikukhala ndi ya makoma ochindikala, netiweki silowa bwino. Kuchipinda foni imangoonetsa kamzere kamodzi, nthawi zina kamasoweratu. Amayi anga ndi achikulire, foni yawo ndi ya mabatani, WhatsApp alibe, ndiye amandiimbira pa nambala basi. Akaimba osandipeza sagona, amangoti kaya mwana wanga wagwa m'zotani. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Mwana wanga wamkulu wandiyatsira Wi-Fi Calling pa Samsung yangayi, ndipo kunena zoona m'nyumba mawu akumveka bwinobwino. Koma ndikangotuluka kukayanika zovala foni ili kukhutu, ndikafika pachingwe yaduka kale. Komanso ndikufuna kudziwa, ikudya mayunitsi kapena bandulo? Nanga amayiwo akufunikanso intaneti?

Wokonza Mafoni:
Mayi, amayi anuwo safunika chilichonse, aziimba monga mwa masiku onse. Pa WhatsApp nonse awiri muyenera kukhala ndi pulogalamuyo komanso intaneti. Wi-Fi Calling ndi ina. Mawu anu amadutsa pa rauta, kabokosi koulutsa Wi-Fi m'nyumbamo, n'kukafika ku makina a kampani ya SIM yanu, kampaniyo n'kuwapititsa kwa amayi ngati foni wamba. Nambala ndi yomweyo. N'chifukwa chake makampani ambiri amakudulani mayunitsi kapena mphindi monga mwa nthawi zonse, pomwe kulandira n'kulandira basi. Intaneti ya pa rauta imadyedwa pang'ono, pafupifupi 1 MB pa mphindi kapena kucheperapo.

Za kudukazo, mukamatalikira rauta, Wi-Fi imafooka, ndiye foni imayenera kusamutsira kukambiranako pa 4G musanazindikire n'komwe. Izi zimatheka ngati VoLTE, yomwe ndi njira yoimbira foni pa 4G, ili yoyatsa ndipo kampani yanu imailola. Ikakhala yozimitsa, kapena panjapo pakugwira 3G kapena 2G yokha, nthawi zambiri foni imaduka. Lowani mu Settings, kenako Connections, kenako Mobile networks, muone ngati pali VoLTE. Mafoni ena saonetsa batanilo, zikatero funsani kampani ya SIM yanuyo.

Agogo a Mwayi:
Mwanawe, ine ndingowonjezera za rauta, chifukwa zinandichitikirapo. Marauta ambiri amaulutsa pawiri, pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Ya 5 ndi yothamanga koma siyenda mtunda ndipo khoma limaifooketsa msanga. Ya 2.4 imadutsa makoma bwinoko. Poimba foni simufunika liwiro lalikulu, mukungofuna kuti isagwedere. Rauta yanga inali pansi kuseri kwa TV. Nditaikweza pashelefu pafupi ndi zenera n'kulumikiza foni ku 2.4, ndinayamba kuyankhula ndi adzukulu anga mpaka pakhonde. Komabe adzukulu omwewo akabwera n'kuyamba kuonera mavidiyo onse nthawi imodzi, mawu amachedwa kufika, mumangolankhulirana pamodzi ngati mukukangana.

Mayi wa Atatu:
Zikomo kwambiri nonse. Achimwene okonza mafoni, ndayang'ana, VoLTE inali yozimitsa. Ndayatsa, ndawaimbira amayi ndili kuchipinda, ndayenda mpaka pachingwe cha zovala, sinaduke. Agogo, rauta yanga ili mu kabati, ndiitulutsa madzulo ano. Koma ndafunsanso, magetsi akazima ziyenda bwanji?

Wokonza Mafoni:
Magetsi akazima rauta imazima, Wi-Fi Calling nayo yathera pomwepo, mwabwerera pa kamzere kamodzi kaja. Pali tima UPS ting'onoting'ono ta marauta, timasunga moto kwa maola angapo. Pogula muonetsetse kuti mphamvu yake ikufanana ndi imene yalembedwa pa chaja ya rauta yanu, ambiri amakhala 12V koma ena 9V.

China chimene ndimauza aliyense: pa ngozi, monga moto kapena matenda adzidzidzi, mukaimba nambala yachangu kudzera pa Wi-Fi, olandira foniwo sangadziwe msanga pomwe muli ngati mmene zimakhalira pa netiweki wamba. Muzitchula nokha malo omwe muli poyambirira penipeni, ndipo ana anuwo muwaphunzitse zomwezo. Ngati foni inakufunsani adiresi poyatsa Wi-Fi Calling, muonetsetse kuti mwana wanu analemba ya nyumba imene mukukhala panoyi.