Pampu ya suweji ikungotiripa, dzenje latsala pang'ono kusefukira

Pulambala wa ku Area 25
Akuluakulu thandizeni, mutu wanga waima. Pa sukulu ina yogonera konko kuno ku Lilongwe mahositelo a atsikana ali kumunsi, septiki thanki ili kumtunda, ndiye za m'zimbudzi ndi m'mabafa zonse zimagwera m'dzenje limodzi pampu n'kumakankha. Ndi submersible (pampu yomira m'madzi) ya 1.5 kW, three phase, impela (mapiko okankha madzi) ya mtundu wa vortex, potulukira 50 mm, paipi ya PVC mamita 120, kukwera pafupifupi mamita 9. Yagwira zaka ziwiri osavuta. Mwezi uno wokha ndaitulutsa katatu. Ikayamba imalira bwinobwino, pakatha mphindi zinayi kapena zisanu overload (chozimitsa mota ikakoka magetsi ochuluka) yagwetsa. Pa plate analemba 3.6 A koma clamp meter ikundipatsa 5 ndi kanthu. Ndipo ngakhale ikuyenda, madzi sakutsika ngati kale. Ulendo woyamba ndinapeza mapadi ndi nsanza zitakulunga impela, ndinachotsa. Wachiwiri chimodzimodzi. Dzulo ndatulutsa, impela ili mbee, ndazunguza ndi dzanja ikuzungulira, ndabwezera, yatiripanso. Fungo lafika m'makalasi, akuluakulu a sukulu akungondiimbira ola lililonse, akuti gulani ina. Ndigule cutter, pampu ija ya mipeni yodula zinyalala? Kapena pali chimene sindikuchiona?

Madala a Magetsi, Ndirande
Ikuzungulira chobwerera imeneyo. Zimitsani, sinthanitsani ma phase awiri pa contactor, muyesenso.

Pulambala wa ku Area 25
Madala, panel sindinaigwirepo chiyambire. Mawaya ali momwe anawamangira.

Wa Mapaipi, Zomba
Achimwene, non-return valve, valavu yoletsa madzi kubwerera ija, munaitsegula? Anthu timathamangira pampu chifukwa ndi imene imaoneka, koma ngati mapadi anafika pa impela ndiye kuti ena anadutsa. Amakatsakamira pa valavu, makamaka ngati anaika ija ya kachitseko m'malo mwa ya mpira. Tsegulani chivundikiro chake muone. Koma musanatsegule tsekani gate valve ya kutsogolo, apo ayi zonse zili m'paipi ya mamita 120 zibwerera pa inu.

Mkulu wa Mapampu, Kanengo
Valavu ikatsekeka ma amps amatsika, sakwera. Pampu ya centrifugal ikasowa kotulutsira madzi katundu amaipepukira. Ndiye 5 A imeneyo ikuchokera kwina. Mwayeza mawaya onse atatu, kapena mwangopana mmodzi? Tipatseni manambala atatu, komanso voltage pakati pa ma phase pampu ikuyenda. Kontakiti imodzi ikapsa m'kati mwa contactor mota imayendera miyendo iwiri ndi theka, imatentha pang'onopang'ono, overload n'kugwetsa patapita mphindi zingapo ngati mmene mukunenera.

Madala a Magetsi, Ndirande
Panel simunaigwire inu, koma magetsi amafika pa panel kuchokera kuti? Kumtundako wina akasinthanitsa mawaya, inu kumunsi simudziwa. Pampu yozungulira chobwerera imatulutsabe madzi, n'chifukwa chake imapusitsa anthu. Imatulutsa pang'ono, imanjenjemera, nsanza sizituluka, zimangokulungana. Zonse mwalembazo ndi zimenezo.

Mnyamata wa Honey Sucker
Bwana, poyembekeza zonsezi itanani galimoto ipope dzenjelo tikataye ku malo a suweji ku Kauma. Mukachedwa zisefukira pabwalo, ana akuponda, nyengo ino ya mvula nkhani ya kolera siichedwa. Komanso dzenje likaphwa mudzaona pansi. Ife tikamapopa maenje a m'masukulu timapeza mchenga wofika m'mawondo, mabotolo, majumbo, ngakhale masipuni. Pampu ikakhala pa mchenga ikukoka phala, si madzi.

Mkulu wa Mapampu, Kanengo
Mfundo imeneyo ndi yoona, phala lolemera limakweza ma amps. Ndipo mchenga umadya impela. Mukuti ili mbee, koma mapiko ake akadali okhuthala ngati kale?

Wa Mapaipi, Zomba
Poti mwatchula zoona pansi, ndinene izi zisanapite patali. Dzenjelo likaphwa MUSALOWEMO, ndipo musatume mnyamata wanu. Ine zinandionekera pa malo ena ogona alendo kunyanja. Unyolo wokokera pampu unali wachitsulo wamba, unadyeka ndi dzimbiri n'kuduka, pampu inatsalira pansi. Dzenje losafika n'komwe mamita atatu. Mnyamata amene ndinkagwira naye anati nditsike ndikangokoleka chingwe, mphindi imodzi yokha. Anatsika pa makwerero, anawerama, atagwedeza matope aja ndinangoona mawondo alobodoka, mutu wagwera pa khoma. Sanakuwe n'komwe. Mwayi wake tinali titamumanga chingwe m'chiuno chifukwa makwerero ankaterera, ndiye tinamukoka anthu atatu. Mlonda ankafuna kudumphiramo kuti akamunyamule, ndinachita kumugwira malaya. Mnyamatayo anatsitsimuka ali pa udzu, akusanza, osadziwa kuti ali kuti. Mpaka lero ndikamva fungo la dzira lowola thupi limachita tsembwe. Mayi ake amandidziwa, ndikanakawauza chiyani?

Gogo Pulambala, Limbe
Ife kale tinkatsitsa kandulo woyaka pa chingwe. Akazima, osalowa. Akapitiriza kuyaka, tinkalowa.

Mayi Injiniya, Mzuzu
Agogo, ndi ulemu wonse, njira imeneyo tisaphunzitse ana. M'dzenje la suweji mumakhala methane, moto ukhoza kuphulitsa chivundikiro pamaso panu. Chinanso, kandulo amayaka bwinobwino pamene hydrogen sulphide yakwana kale kupha munthu. Mpweya umenewu ndi wolemera kuposa umene timapumawu, ndiye umakhala pansi, ndipo umabisala m'matope mpaka wina awavundule. Ukafika cha m'ma 100 ppm mphuno imaleka kununkhiza, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha pamene ndi pomwe zafika poipa. Popanda gas detector, chopemerera mpweya, harness ndi anthu okoka ali pamwamba, palibe cholowera. Kamasiki ka nsalu sikathandiza chilichonse. Pampu iyenera kutuluka munthu ali pamwamba, n'chifukwa chake timalimbikira guide rail ndi unyolo wa stainless.

Gogo Pulambala, Limbe
Ndamva mwanangu. Anzathu ena a nthawi imeneyo anapitadi choncho.

Pulambala wa ku Area 25
Sindilowa, musadandaule. Rail palibe, anangoimika pampu pansi n'kumanga union pamwamba, ndimakoka ndi chingwe cha nayiloni. Ndabwerako tsopano. Ma amps: 5.1, 5.3, 5.0. Voltage ili cha m'ma 395 mpaka 402. Contactor ikuoneka bwino. Valavu sindinathe kutsegula, mabawuti agwirana ndi dzimbiri, ndathira mafuta ndibwerera mawa. Float switch, choyandama chimene chimayatsa ndi kuzimitsa pampu, ndinaipeza itakutidwa ndi mafuta oundana ngati sopo, ndapala.

Mayi Injiniya, Mzuzu
Mafuta oundanawo akuchokera kuti ngati dzenje ndi la mahositelo okha? Funsani bwino, mwina analumikiza paipi ya kukhitchini osakuuzani. Ngati zili choncho pakufunika grease trap yotchera mafutawo, apo ayi float izingokakamira. Float ikamayatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi mota imatenthanso, onani m'buku la pampuyo kuti imaloledwa kuyamba kangati pa ola. Ndipo paipi ya 50 mm imafuna madzi othamanga osachepera 0.7 m pa sekondi, kumene kuli pafupifupi malita 1.4 pa sekondi, kuti zolimba zisamakhazikike m'njira. Pitani kumtunda ndi ndowa ya malita 20, pampu ikuyenda. Ikapanda kudzaza m'masekondi 15, paipi yanu ikudzikundikira matope tsiku ndi tsiku.

Madala a Magetsi, Ndirande
Ma amps ofanana onse atatu, voltage yabwino, impela yoyera, madzi ochepa. Ndinanena kale. Sinthanitsani ma phase awiri.

Mkulu wa Mapampu, Kanengo
Madala, ma bearing akayamba kugwira zimaonekanso chimodzimodzi. Seal ikadutsitsa madzi chimodzimodzi. Achimwene a ku Area 25, goneketsani pampuyo, masulani kabawuti ka oil chamber pang'onopang'ono mutaphimba ndi nsanza chifukwa nthawi zina mumakhala mphamvu, thirani mafutawo m'botolo loonekera. Akatuluka oyera ngati mkaka, seal yapita. Kenako megger (mita yoyezera insulation ya mawaya) pa 500 V, waya uliwonse ndi bodi. Ikawerenga pansi pa 1 megaohm musaibwezerenso m'madzi. Muonenso polowera cable. Anyamata ambiri amakokera pampu pa cable, madzi n'kumalowera pamenepo.

Madala a Magetsi, Ndirande
Zonsezo ndi za tsiku lathunthu. Yangayi ndi ya mphindi zisanu ndi sikuludiraiva imodzi. Bwanji osayamba ndi yachidule?

Wa Mapaipi, Zomba
Pa nkhani ya cutter ija ine ndikuti ayi. Ndinaikapo pa hositelo ina, miyezi isanu ndi itatu mipeni yabuntha chifukwa cha mchenga umene ana amatsukira mapoto ndi mapazi. Ikabuntha imatsekeka kuposa vortex, ndipo mipeni yake kuno simuipeza, mpaka kuitanitsa ku Johannesburg, ndalama zakunja n'zimene zikusowazi. Vortex yokhala ndi mpata waukulu ndi basiketi ya stainless polowera m'dzenje, mlonda azikhuthula m'mawa uliwonse. Basi.

Mnyamata wa Honey Sucker
Basiketi imathandiza sabata ziwiri zoyamba. Kenako palibe amene amafuna kuigwira, imadzaza, madzi amadutsa pamwamba ndi zonse.

Mayi Injiniya, Mzuzu
N'chifukwa chake nkhaniyi isathere pa pampu. Atsikana sataya mapadi m'chimbudzi chifukwa cha mwano. Ngati m'chimbudzimo mulibe bini ya chivundikiro, ndipo kunja kuli anzake akuyang'ana, mwana atani? Kambani ndi amatroni, osati ahedi okha. Pakufunika mabini m'kachipinda kalikonse ndi malo owotchera. Koma cutter sindingaikane kotheratu. Pa paipi yaing'ono ngati imeneyi, yokwera chotere, ndi malo ake ndithu, bola mchenga utsekeredwe kaye.

Gogo Pulambala, Limbe
Ndipo sukulu yonse kudalira pampu imodzi ndi kulakwa kwa amene anapanga pulani. Pamafunika ziwiri, ina ikugwira ina ikupuma, zizisinthana, ndi belu lolira madzi akakwera. Ine ndinakanapo ntchito chifukwa mwini wake anati yachiwiriyo ndi kuwononga ndalama. Patatha chaka anandiitana usiku, zitalowa m'chipinda chodyera.

Pulambala wa ku Area 25
Za pampu yachiwiri ndinawauza chaka chatha, anati bajeti palibe. Ngakhale ya maulendo atatuwa sanandipatse, akuti alipira ikachira. Chinthu china ndangokumbukira, mwezi watha anabweretsa jenereta yatsopano chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, anaika ndi changeover, yosinthira pakati pa magetsi ndi jenereta, ku main board. Anamanga ndi anthu ena, ine kunalibe.

Madala a Magetsi, Ndirande
Ndi zimenezotu! Vuto layamba mwezi uno, changeover anamanga mwezi watha. Mukufunanso umboni wanji? Amene anamangawo anayesa mababu ndi masoketi, anaona zikuyaka, anapita. Babu silidziwa phase rotation. Ndipo chenjerani, mwina mbali ya jenereta yokha ndi imene yatembenuka, kapena mbali zonse. Mukasinthanitsa pa contactor pamene vuto lili mbali imodzi, pampu iziyenda bwino pa magetsi ena n'kumabwerera pa enawo. Yesani mbali zonse ziwiri ndi rotation meter, mukonzere pa changeover pomwepo.

Mkulu wa Mapampu, Kanengo
Apa ndiye zikumveka, komabe mafuta ndi megger ayeze. Ngati yayenda chobwerera mwezi wathunthu ikutentha chotero, mwina yavulala kale m'kati. Ndipo pampu zina zikazungulira chobwerera impela imamasuka pa shaft. Poyesa, ipachikeni pa chingwe, yatsani kamphindi kochepa, muone kumene ikugwedezekera. Bodi imakankhira mbali yosiyana ndi kumene impela ikupita, fanizani ndi muvi uli pa pampupo. Manja kutali ndi pansi pake. Musanagwire impela zimitsani isolator, kiyi m'thumba mwanu, chifukwa float ikangopendekeka pampu imadziyatsa yokha. Ndikudziwa munthu amene anatsala ndi zala zitatu.

Mayi Injiniya, Mzuzu
Ndipo overload musaikweze kuti isiye kugwetsa. Ndaona ambiri akuipotokola mpaka 6 A kuti bwana asiye kuimba foni, mawa lake mota yapsa. Magolovesi aatali, ndipo chilonda chilichonse cha pa dzanja mutsuke ndi sopo nthawi yomweyo.

Wa Mapaipi, Zomba
Valavu ija muitsegulebe achimwene, ngakhale Madala atakhala kuti alondola.

Madala a Magetsi, Ndirande
Atsegule, palibe choletsa. Koma ayambe ndi ma phase.

Wachinyamata wa ku Kasungu
Pepani akuluakulu kulowerera. Poti mwatchula zopsa, submersible ikapsa n'kuiwayindanso imakhalitsa? Ndili ndi ya 2.2 kW ya kasitomala, owayinda akuti atha, koma ndikuopa kuti potseka sadzabwezeretsa ma O-ring bwino, madzi n'kulowanso.

Gogo Pulambala, Limbe
Zimatengera wowayindayo. Muwauze asinthe seal, ma bearing ndi ma O-ring onse nthawi imodzi, ndipo kawaya ka thermal kaja, koteteza mota ikatentha, asakadule. Ambiri amakataya poti sadziwa ntchito yake. Ikabwera muimize m'mgolo wa madzi usiku wonse, m'mawa megger, musanapite nayo kwa kasitomala.

Mnyamata wa Honey Sucker
Bwana a ku Area 25, galimoto ija tibwere nayo kapena ayi? Mawa m'mawa tili ndi mpata, masana tili ku Area 49.