Ndinatchula mtengo wa sikirini yokha, koma nditatsegula ndapeza zina

Wa ku Limbe: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Lolemba kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa kusekondale, ndi laputopu ya HP 15 yosweka sikirini pakona yam'munsi kumanzere. Ndinangoiona kunja n'kuwauza K120,000 pamodzi ndi leba, iwo n'kusiya theka. Lero nditachotsa bezo, felemu yozungulira sikirini ija, ndapeza hinji yakumanzere yauma gwa, ndipo timanati tamkuwa tomwe timagwira masikuluwu tazuka pamodzi ndi pulasitiki ya kava. Ndiye kuti chinaswa sikiriniyo ndi hinji, laputopu sinagwe ayi. Chachiwiri, sikirini imene ndinaoda ku Lilongwe ndi ya mapini 30 polumikizira chingwe, pomwe yawo ndi ya touch, mapini 40. Ndawaimbira kuti mtengo ukwera, andiyankha kuti amisiri tonse ndife amodzimodzi, tikangotsegula chinthu matenda amachuluka. Zandiwawa kwambiri, chifukwa sindinafune kuwabera ngakhale tambala.

Madala a ku Area 2: Achimwene, pepani, koma apa pali nkhani ziwiri ndipo musaziphatikize. Ya mapiniyo ndi yanu. Munaoda musanawerenge sitika ya kuseri kwa sikirini, ndiye thiransipoti yobwezera katunduyo isalowe pa lisiti ya mayiwo. Ya hinji ndi yawo, chifukwa laputopu inabwera ili yodwala kale. Koma nanunso munafulumira kutchula mtengo. Sikirini ikasweka pakona pafupi ndi hinji, mwini wake n'kumati sinagwe, muzidziwiratu kuti mkatimo muli nkhani.

Wa ku Zomba: Zoona madala. Ine sindioda sikirini ndi dzina la laputopu, ndimaoda ndi nambala ya pa panelo, yolembedwa kuseri kwa sikiriniyo. Ikayamba ndi B156 ndi ya kampani ya AUO, NT156 kapena NV156 ndi ya BOE, LP156 ndi ya LG. HP 15 imodzimodziyo imabwera ndi mapanelo osiyanasiyana, ndiye ukangouza wogulitsa kuti "ya HP 15" amakutumizira imene ili pafupi ndi dzanja lake.

Wa ku Limbe: Ya mapiniyo ndavomera, ndinalakwitsa ndine. Koma kava yatsopano ndi mahinji, kuphatikiza kusiyana kwa mtengo wa touch, zikupitirira ndalama imene tinagwirizana ndi pafupifupi theka lina. Ndikazilipira ndekha ndiye kuti mwezi uno lendi ya shopu palibe.

Achemwali a ku Mzuzu: Musalipire nokha, komanso musawakakamize. Nkhani ngati iyi pafoni siyitheka, aitaneni abwere adzaone ndi maso. Ine ndimaika kava pa tebulo, timanati tozukato ndimatiika pa pepala loyera, kenako ndimamupatsa kasitomala hinjiyo kuti ayese kuipinda ndi zala zake. Akaona kuti ikukanika, mkangano umathera pomwepo, chifukwa wadzimvera yekha mphamvu imene pulasitiki ija imalimbana nayo tsiku lililonse akamatsegula laputopu ndi dzanja limodzi, atagwira pakona. Kenako muwapatse njira zoti asankhe okha. Yoyamba, kava ndi mahinji atsopano ndi sikirini ya touch, mtengo wake wakuti. Yachiwiri, mumasuleko pang'ono nati wa hinji kuti ifewe, timanatito mutibwezeretse ndi epoxy, guluu wosakaniza uja, muisiye iume tsiku lathunthu osaikhudza, koma muwauze poyera kuti ndi chigamba ndipo galanti yake ndi yaifupi. Muwafunsenso ngati touch amaigwiritsa ntchito n'komwe. Aphunzitsi ambiri amangolemba mayeso ndi masikimu.

Wa ku Zomba: Apo pa touch, pa mitundu ina ya HP 15 mukasintha fuleksi, chingwe cholumikiza sikirini ndi bodi yaikulu ya laputopu, n'kuika ya non-touch, sikirini yanu ya mapini 30 ija ikhoza kugwira ntchito. Onani kaye nambala ya fuleksi ndi soketi ya pa bodi musanalonjeze. Ndipo zilembedwe pa lisiti kuti touch yachoka iwo atavomera, kuopa kuti mawa angadzati munawabera sikirini yabwino n'kuwaikira yotchipa.

Mnyamata wa ku Mchesi: Koma mabwana, bwanji osangotchula mtengo wokwera poyambirira kuti zonse zikwaniremo? Ukapeza zochepa, yotsalayo ndi phindu.

Madala a ku Area 2: Ayi aise, kumeneko ndiye kuba kumene mayi aja akunena. Wa sikirini yokha alipirirenji hinji ya munthu wina? Komanso ukatchula wokwera, kasitomala amapita shopu yoyandikana nayo, kumene amutchulira wotsika dala kuti katundu alowe, akamusenzetse zina atamasula kale. Khalidwe limeneli ndi limene latiipitsira mbiri tonse. Ine zimene ndimachita ndi izi: ndalama yoyezera ndimaitchula pakhomo, ndipo imachotsedwa pa mtengo ngati ntchito agwiritsa kwa ine. Ndimatsegula mwini wake ali pomwepo ngati n'kotheka, ndimajambula ndi foni, kenako ndi pamene mtengo umatuluka, sipeya payokha, leba payokha, thiransipoti payokha. Pa khadi la ntchito pali mzere wakuti sindidzapitirira ndalama yakuti ndisanaimbe foni, ndipo amasaina. Kotesheni yanga imakhala ya masiku atatu basi. Ndinaphunzira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndili ndi makotesheni asanu panja, masipeya onse ochokera ku Dubai ndi ku China atasintha mtengo sabata yomweyo.

Achemwali a ku Mzuzu: Pa khadi lomwelo onjezani mzere wa BitLocker, loko wa Windows wotseka mafayilo. Si ya nkhani ya lero, koma tsiku limene mudzasinthe bodi, laputopu yokhala ndi lokoyo idzafunsa kiyi ya manambala 48, ndipo ngati mwini wake sakumbuka akaunti yake ya Microsoft, mafayilo apita. Laisensi ya Windows nayonso nthawi zambiri imakhala yomangirira ku bodi yakaleyo. Izi zikatulukira pa tsiku lotenga katundu, kasitomala amaziona ngati msampha, ndipo ena masiku ano amadziwa njira yopita ku CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kukadandaula.

Wa ku Limbe: Zikomo nonse. Mayi aja abwera madzulo ano ataweruka. Ndachita monga ananenera achemwali, hinji anaiyesa okha ndipo inawakanika kupinda. Ndinawauzanso mosabisa kuti sikirini yolakwika ndinaoda ndine, ndipo thiransipoti yake ndi yanga. Atamva zimenezo nkhope inamasuka, anati akanakonda ndikanawauza za hinji Lolemba lomwe lija, ndipo sindinatsutse. Touch akuti sanaigwiritsepo ntchito chigulireni. Tagwirizana fuleksi ya non-touch ndi chigamba cha epoxy, awonjezera K25,000 yokha, asaina. Fuleksi ndayang'ana, soketi ya pa bodi ikugwirizana. Madala, chonde jambulani khadi lanu la ntchito munditumizire, ndikufuna ndikasindikize langa mawa m'mawa ndisanatsegule shopu.

Madala a ku Area 2: Ndatumiza. Epoxy ija musaipupulumire, masikuluwu mumange Lachisanu.