Timu ya ku Mozambique yasiya kulipira mng'ono wanga, tiyambire pati?

Akuluakulu pagulu pano, ndigaireni nzeru. Mng'ono wanga ankasewera mu Moçambola, ligi yaikulu ya mpira ya ku Mozambique. Atavulala bondo, timu inati asiyane mwamtendere kontrakiti isanathe, pomwe anali asanalandire malipiro a miyezi isanu. Anasainirana pepala la Chipwitikizi loti amupatsa ndalamazo m'magawo atatu. Gawo loyamba litalowa, mnyamata anakwera basi kudzera pa Mwanza kubwerera kwathu. Kuchokera apo ndi mawa mawa. Bwana wa timuyo pa WhatsApp amangowerenga, timizere tabuluu tiwiri, zii. Papita miyezi 14. Sabata yatha watulukira, ati mwana asaine pepala lina, alandire theka, nkhani ithere pompo. Munthu ali ndi banja, pano akuyendetsa kabaza ndi bondo lomwelo. Tipite ku FAM kapena kukhoti?

Wa ku Ndirande: Theka ndi bola, achimwene. Anthu a mpirawa mukalimbana nawo mutsala chimanjamanja.

Mkulu wa ku Area 25: Asasaine. Iye ndi Mmalawi, timu ndi ya dziko lina, ndiye nkhaniyi malo ake ndi ku FIFA, ku Football Tribunal, bwalo lake loweruza milandu ya mpira, ndipo wosewera salipira kanthu potsegula mlandu. Ayambe walembera timuyo kalata, osati voice note, yotchula ndalama yotsala ndi kuwapatsa masiku 10, popeza ngongole yadutsa kale masiku 30. Akapanda kulipira, atumize dandaulo pa FIFA Legal Portal, tsamba la pa intaneti lolandirira milandu. Akapambana, timu imapatsidwa masiku 45. Ikalephera imaletsedwa kulembetsa osewera atsopano, mpaka mawindo (nyengo zolembetsa osewera) atatu otsatizana. Apa ndi pamene mabwanawa amayamba kuimba foni okha. Koma chenjerani ndi nthawi: pakadutsa zaka ziwiri kuchokera tsiku lomwe ndalama inayenera kulipidwa, FIFA simvanso. Mawa mawa ameneyo sikuti ndi ulesi chabe, ena amawerengera dala.

Wa ku Ndirande: Nanga adye chiyani podikira za ku FIFA-zo?

Mayi wa ku Mzuzu: Amene wakanika magawo awiri mukuti theka apereka? Akasaina, pepala lakale lafa. Ngati afunadi theka, ndalama iyambe yalowa mu akaunti, cholembera pambuyo.

Mkulu wa ku Area 25: Ndinaiwala. Werengani kumapeto kwa pepalalo ngati munalembedwa komwe mkangano uyenera kukaweruzidwa, chifukwa timu ikhoza kugwira pamenepo. Komanso FIFA imalandira Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi, Chipwitikizi ayi, ndiye limasuliridwe. Sungani kontrakiti, sitetimenti ya kubanki yoonetsa gawo loyamba lija, ndi mauthenga onse. Pitaninso ku bungwe la osewera mpira, akuthandizeni kalembedwe.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndamuimbira, ati pepala lili m'sutikesi kwa apongozi ku Balaka, mawa alitenga. Alipo womasulira Chipwitikizi wodalirika mu Blantyre muno, wosadula kwambiri?