Wailesi ikungoti amuna anga ndi "ongoperekeza", tichite bwanji?

Membala wobisa dzina:
A admin ndibiseni dzina chonde. Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Bambo a kunyumba akuima paokha pa chisankho chapadera cha phungu kwathu kuno. Ndi mphunzitsi wopuma, nkhani ya mijigo akhala akuimenyera kuyambira kale. Vuto ndi wailesi ina ya m'dera lino. Akamatchula a zipani amati "amene akuimira chipani chakuti", koma akafika pa iwo amati "palinso ena ongoperekeza". Tsiku lina anati "ogawa mavoti". Pano mawuwa afalikira, ndi kuchigayo komwe akunditchula kuti mayi operekeza. Penshoni yathera mafuta a njinga yamoto ndi mapositala, mbuzi tinagulitsa. Apongozi anga akuti ndine ndinalowetsa mwana wawo m'ndale poti ndikufuna kukakhala ku Lilongwe, chonsecho ine ndinkakana. Mlamu wanga amene tinamulipirira sukulu akuyenda atavala tisheti ya chipani china. Tipite kupolisi kapena tingosiya? BP yanga yakwera.

Mdala Zakeyo:
Mayi, kupolisi mukakanena kuti chiyani? Kuti akubani dzina? Nkhani apa ndi chipondamthengo basi. Mtolankhani wabwera pa msonkhano wanu ndi kabaza, mwamupatsa Fanta ndi zikomo, mukuyembekeza kuti akakutamandani? A zipani amadziwa kusamalira anthu. Lowetsani dzanja m'thumba muone ngati mawa sakanena kuti "amene akupatsidwa mwayi waukulu".

Nangozo:
A Zakeyo mukuphunzitsa mayi wa eni ziphuphu pagulu, manyazi mulibe? Komanso penshoni yatha, mwawerenga bwinobwino?

Mdala Zakeyo:
Ndawerenga. Ndiye amalowereranji ndale opanda ndalama?

Che Jafali:
Funso langa ndi limodzi mayi. Bambowo anali m'chipani n'kugwa pa mapulaimale, kapena sanakhalepo m'chipani chilichonse? Yankho lake likusintha zonse.

Mwana wa ku Chipata:
Amayi musadandaule. Kuno kwathu malemu Michael Sata ankamutcha Hakainde Hichilema kuti "under five", ngati mwana wa kusikelo, ndipo dzinalo linkabwerezedwa paliponse mpaka linamumatirira. Munthu uja anagwa mu 2006, 2008, 2011, 2015 ndi 2016. Mu 2021 anawina ndi mavoti pafupifupi miliyoni pamwamba pa Edgar Lungu. Alimbe mtima chabe.

Nangozo:
Mukuwalimbikitsa kapena mukuwaopseza? Agwe kasanu ndi mbuzi ziti, zatha kale kkkk

Mlembi Wakale:
Ndinagwirapo ntchito m'chipinda cholembera nkhani, ndiye ndinene momwe zimayendera. Si nthawi zonse pamakhala envulopu. Kawirikawiri mawu otere amayamba ndi mneneri wa chipani pa msonkhano. Mtolankhani amawalemba ngati mawu a mneneriyo, ndipo mpaka apo palibe cholakwika. Mawa lake wowerenga nkhani akufupikitsa, dzina la amene ananena uja limagwa, chimatsala ndi "ongoperekeza" ngati kuti wailesi yafufuza yokha. Kenako amaimbira katswiri wa ndale wa m'tauni amene sanapondeko kudera kwanuko, iye n'kuvomereza, poti nayenso anamva pa wailesi pomwepo. Woima payekha alibe mneneri woimbira mkonzi kuti akonze, ndiye mawuwo amangokhala.

Chodabwitsa n'choti manambala sagwirizana nawo. Mu 2019 oima paokha anatenga mipando 55 mwa 193, chimodzimodzi ndi MCP, pomwe DPP inapeza 62. Mu 2014 anali 52. Operekeza amtundu wanji amenewo?

Jambulani pa foni akamanena, mulembe tsiku ndi dzina la pulogalamu. Bambowo alembere mkulu wa wailesiyo kalata yopempha mpata woyankha, kope mutsale nalo. Akakana, nkhani za mawailesi amaziona ndi a MACRA, komanso kuli Media Council of Malawi.

Mdala Zakeyo:
Kalata? Kkkk a Mlembi, chisankho chidzachitika kalatayo ili mu dirowa. Ndipo mukuteteza anzanu. Ine mu 2014 ndinayendetsa kampeni ya msuweni wanga pa ukhansala, ndinaona ndi maso angawa. Tinabwereka zokuzira mawu, tinaphika nsima ya mudzi wonse, atolankhani anadya nawo n'kunyamulanso ndiwo m'jumbo. Pa wailesi dzina lake analitchula molakwika. Mpaka lero ngongole ya jenereta ili pa ine, msuweniyo ali phee ku Jubeki foni sayankha.

Mayi a Tadala:
Ine nkhani ya apongoziyo ndi imene yandikhudza. Anga anandinenanso chimodzimodzi bambo atasiya ntchito n'kuyamba geni ya matabwa. Asisi, musayankhe kanthu, muzingogwada n'kupemphera. Ndipo BP musaiseweretse, pitani akakuyezeni.

Kondwani ku Indiana:
Si Malawi yekha. Kuno ku America, Ralph Nader, yemwe anaimira chipani chaching'ono pa upulezidenti, mpaka pano amamutchula kuti anawononga chisankho cha 2000. Anapeza mavoti oposa 97,000 ku Florida, pomwe George W. Bush anaposa Al Gore ndi mavoti 537 okha. Zimene ankanena zokhudza makampani akuluakulu palibe amazikumbuka. Ngati kuti mavoti aja anali kale katundu wa Gore.

Mdala Zakeyo:
Aise, mayi akulira za kuchigayo iwe ukutiuza za Florida? Tumiza madola athandizike.

Bambo Phiri a ku Area 25:
Koma tinene zoona, kugawa mavoti kulipo. 50+1 ija inabwera ndi chigamulo cha khoti cha 2020 imagwira pa pulezidenti yekha. Pa phungu amene watsogola ndi voti imodzi wadutsa. Ndipo ambiri oima paokhawa akangowina, sabata siitha alowa chipani cholamula. Wailesiyo mwina ikudziwa zimene ife sitikudziwa.

Mlembi Wakale:
Ngati ikudziwa inene poyera ndi umboni wake, imufunsenso mwiniwake. Apo ayi itchule dzina ndi chizindikiro chake monga ikuchitira ndi enawo. Mayi, mufunsenso ku ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za chisankho, ya m'boma lanu ngati akukonza mtsutso wa opikisana. Kumeneko aliyense amapatsidwa maikolofoni.

Che Jafali:
Mayi sanandiyankhebe za mapulaimale.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Kujambulako kundivuta, foni yanga ndi yamabatani, yabwino ija anatenga mlamu yemwe uja atati akungobwereka. Dzulonso apongozi atumiza mwana kudzatenga mpoto wawo waukulu umene timaphikira anyamata a kampeni. A Tadala amayi ake, mwandilankhula.

Che Jafali:
Mapulaimale, mayi.

Mdala Zakeyo:
Che Jafali siyani, anagwa amenewo, mukuona kuti akuzemba. Mayi ndilembereni ku inbox ndikuuzeni mtengo wake wa anyamata a pa wailesi, ine ndimawadziwa onse.

Admin:
A Zakeyo, ili ndi chenjezo lomaliza. Za inbox ayi pagulu pano.