Chifukwa chiyani mafuta a m'chakudya salowa mu portal vein ngati shuga?

wa_chaka_chachiwiri:

Moni nonse. Ndikupempha thandizo kwa akuluakulu amene munadutsa kale biochemistry. Mayeso ayandikira ndipo mutu wa lipoproteins, timipira tonyamula mafuta m'magazi, ukundizunguza. Mayina ndaloweza, chylomicron, VLDL, IDL, LDL, HDL ndi ma apo onse aja (mapuloteni okhala pa timipira timeneti), koma sindikuona chingwe chomwe chikuwamanga pamodzi.

Funso langa ndi ili. Shuga ndi ma amino acid akachoka m'matumbo amalowa mu mtsempha wa magazi wotchedwa portal vein n'kupita molunjika kuchiwindi. Nanga mafuta amazunguliranji kudzera mu lymph, madzi a m'thupi oyenda m'mitsempha yawoyawo, mpaka kukatulukira kukhosi? Ndiponso ngati cholesterol wa m'chakudya amayenda mu chylomicron, LDL imene timayeza ija imachokera kuti?

Si za mayeso zokha. Amayi anga ku Chilomoni anauzidwa kuti cholesterol wawakwera. Anasiya mazira, koma chipsi ndi mandazi akudyabe tsiku ndi tsiku poti pabotolo la mafuta ophikira palembedwa kuti mulibe cholesterol. Ndikufuna ndiwafotokozere zomveka, koma ineyo sindinazigwire bwino.

registrar_wa_medicine:

Achemwali, mwafunsa pamene pali mutu weniweni wa nkhaniyi. Siyani kaye tebulo la m'buku lija. Tsatirani puloteni imodzi yokha, apoB, ndipo muzifunsa kuti yapangidwa kuti. Ikapangidwa m'matumbo ndi apoB-48 ndipo yanyamula mafuta a chakudya. Ikapangidwa m'chiwindi ndi apoB-100 ndipo yanyamula mafuta amene chiwindi chatumiza. Zina zonse zimakoloweka pa ziwirizi.

Tiyambe ndi chipsi cha amayi. Mafuta ake pafupifupi onse ndi triglyceride, kutanthauza ma fatty acid atatu omangidwa pa glycerol imodzi. Ndulu imawaphwanya kukhala timadontho, enzyme ya pancreatic lipase mothandizidwa ndi colipase imadula ma fatty acid awiri n'kusiya 2-monoacylglycerol, kenako zonsezi zimayenda m'ma micelle kukafika pa enterocyte, selo la khoma la matumbo, makamaka mu jejunum, gawo lapakati la matumbo aang'ono. Cholesterol ali ndi khomo lake, NPC1L1, ndipo pamenepo ndi pomwe mankhwala a ezetimibe amatseka. Mkati mwa selo triglyceride amamangidwanso, ndipo puloteni yotchedwa MTP imamulongedza pa apoB-48. Chylomicron yabadwa.

Tsopano chifukwa chozungulira. Ndi kukula basi. Chylomicron ikhoza kufika ma nanometre 1,000 ndi kupitirira, pamene LDL ndi ya pakati pa 20 ndi 25. Ma capillary a magazi a mu villus, kachala ka khoma la matumbo, ali ndi timabowo tating'ono ndi basement membrane, chinthu chachikulu chotero sichingadutse. Lacteal, kamtsempha ka lymph ka mu villus momwemo, ili ndi mipata pakati pa maselo ake, choncho chylomicron imalowa mmenemo, n'kukwera kudzera mu cisterna chyli ndi thoracic duct, njira zikuluzikulu za lymph, kukatsanulira m'magazi m'munsi mwa khosi, pamene mtsempha wa left subclavian umakumana ndi wa internal jugular. Zotsatira zake n'zofunika kwambiri: mafuta a chakudya amafika kumtima, kuminofu ndi ku adipose tissue, kosungira mafuta m'thupi, chiwindi chisanawaone. Chiwindi chimalandira zotsala.

Umboni woti nkhani ndi kukula ndi uwu: ma fatty acid aafupi ndi apakatikati, a ma carbon osapitirira 12, ambiri salongedzedwa mu chylomicron. Amalowa mu portal vein ngati shuga uja, atagwirana ndi puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin. Mukadzaona wodwala wa chylothorax, amene lymph yamafuta ikudontera m'chifuwa mwake, ndipo kuno timawaona chifukwa cha TB, lymphoma ndi Kaposi sarcoma, mudzamva akulangizidwa kuchepetsa mafuta wamba ndi kudya medium chain triglycerides. Cholinga n'choti thoracic duct yodonthayo ipume. Madzi oyera ngati mkaka otuluka mu chest drain ndi ma chylomicron amenewa. Mkodzo wa mkaka wa anthu ena a ku Chikwawa ndi Nsanje amene anadwala filariasis kale ndi nkhani yomweyi, lymph yotsekeka yaboolera munjira ya mkodzo.

Chylomicron ikalowa m'magazi imalandira apoC-II ndi apoE kuchokera ku HDL. Ma apo muziwaona ngati chikwangwani cha pagalasi la minibasi ku Limbe, chonena kuti iyi ikupita ku Bangwe, iyo ku Ndirande: galimoto zikufanana, chomwe chalembedwa ndicho chimanena kotsitsa katundu. ApoC-II imadzutsa enzyme ya lipoprotein lipase, yomwe imakhala pa endothelium ya ma capillary yogwiridwa ndi GPIHBP1. Enzyme imeneyi imachotsa triglyceride, ma fatty acid n'kulowa m'minofu kapena kukasungidwa. Chylomicron imafota n'kukhala remnant, ndipo apoE ndiyo imailowetsa m'chiwindi kudzera pa zolandirira za pa maselo ake, LDL receptor ndi LRP1. Zonsezi zimachitika mofulumira, chylomicron imodzi siikhalitsa m'magazi, n'chifukwa chake munthu wabwinobwino amene wagona osadya sayenera kukhala nawo m'mawa.

ApoB-48 ndi apoB-100 zimachokera ku gene imodzi. M'matumbo enzyme yotchedwa APOBEC1 imasintha C imodzi ya mRNA kukhala U, codon ya CAA n'kusanduka UAA, yomwe ndi chizindikiro choti kupanga puloteni kuime, puloteni n'kuthera pa 48 peresenti ya kutalika kwake. Mbali yodulidwayo ndi yomwe ikanagwira LDL receptor. Ndiye chylomicron singasanduke LDL ngakhale pang'ono, ndipo remnant imadalira apoE. Izi aphunzitsi amakonda kufunsa.

LDL imachokera kuchiwindi. Chiwindi chimatenga ma fatty acid ochokera ku adipose, a m'ma remnant ndi amene chapanga chokha kuchokera ku shuga wochuluka, n'kuwalongedza pa apoB-100 kukhala VLDL. Lipoprotein lipase yomweyo imaikama, imasanduka IDL, hepatic lipase imapitiriza, chotsala chodzaza cholesterol ester chokhala ndi apoB-100 imodzi ndiye LDL. Iyi imakhala m'magazi masiku awiri kapena atatu, ndipo yambiri imachotsedwa ndi ma LDL receptor a chiwindi. Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira Nobel mu 1985 chifukwa cha receptor imeneyi. Selo la chiwindi likaona kuti cholesterol wachepa mkati, SREBP-2 imalamula kuti ma receptor achuluke. Mankhwala a statin amagwira ntchito pomwepo: amatseka HMG-CoA reductase, enzyme yofunika popanga cholesterol, selo limamva njala ya cholesterol, limatulutsa ma receptor ambiri, LDL ya m'magazi imatsika.

Za amayi. Botolo likunena zoona, mafuta a zomera alibe cholesterol. Koma cholesterol wambiri wa m'thupi timapanga tokha, ndipo ngakhale wolowa m'matumbo tsiku lililonse wochuluka amachokera mundulu, osati m'mbale. Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi saturated fat ndi trans fat, chifukwa zimachepetsa ma LDL receptor. Mafuta a palm, majarini wolimba, mafuta a nyama a pachiwaya, ndi mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda, amenewo ndiwo muwauze achepetse. Dzira limodzi lili ndi cholesterol wosakwana mamiligalamu 200, ndipo kwa anthu ambiri limasuntha LDL pang'ono chabe. Ine zimandiwawa kuona mayi wachikulire atasiya ndiwo yotsika mtengo ya puloteni n'kutsala ndi mandazi. Nsinjiro, mapeyala, usipa ndi nyemba asaziope. Komanso ayezedwe shuga, BP ndi chithokomiro, poti hypothyroidism, kufooka kwa chithokomiro, imachepetsa ma receptor omwewa.

wa_ku_labu:

Ndiwonjezere zomwe timaona ife. Nthawi zina sample imafika, tikaizunguza plasma yake n'kutuluka yoyera ngati chambiko. Ikagona mufiriji usiku, ma chylomicron amayandama pamwamba n'kupanga mkhwapa woyera wokhuthala. Plasma ya pansi ikakhala yoonekera bwino ngati madzi ndiye vuto ndi ma chylomicron okha, ikakhala ya chifunga ndiye VLDL nayonso yachuluka. Mwa amene ndakumana nawo ambiri anali a shuga wosalamulirika kapena omwa mowa kwambiri.

Ophunzira dziwaninso kuti LDL ya pa lipoti nthawi zambiri sitiyeza, timawerengetsera ndi formula ya Friedewald ya 1972: total cholesterol, kuchotsa HDL, kuchotsa triglycerides ogawidwa ndi 2.2, zonse mu mmol/L. Gawo la 2.2 lija likuyerekeza cholesterol wa mu VLDL. Triglycerides akadutsa 4.5 mmol/L formula siigwiranso, musaikhulupirire nambalayo. Ndipo sample yamkaka ikhoza kuonetsa sodium wotsika pamakina ena pamene wodwala ali bwino, choncho tiyimbireni musanayambe kukonza sodium.

wa_chaka_chachiwiri:

Zikomo kwambiri adokotala ndi akulu a ku labu, chingwe chija ndachiona tsopano. Koma chifukwa chiyani shuga amakweza triglycerides? Ndipo HDL ikulowa pati, poti mwangoitchula ngati yobwereketsa ma apo?

chaka_chachisanu_ndirande:

Achemwali, ndiyeseko ine, akulu andikonza. Insulin imagwira mbali ziwiri. Imakweza lipoprotein lipase ya mu adipose, ndipo imatseka hormone-sensitive lipase, yomwe imatulutsa mafuta osungidwa. Insulin ikasowa kapena thupi likaikana, mafuta osungidwa amatuluka ambiri kupita kuchiwindi, VLDL imachuluka, koma woikama, lipoprotein lipase, wafooka. VLDL ndi ma chylomicron zimalimbirana enzyme imodzi yomweyo, ndiye zonse zimadzazana. Triglycerides akadutsa cha m'ma 10 mmol/L ganizirani acute pancreatitis, yang'anani eruptive xanthomas, tiziphuphu tachikasu ta mafuta, m'matako ndi m'zigongono, ndipo tengani ophthalmoscope muone lipaemia retinalis, mitsempha ya m'diso yooneka ngati mkaka.

HDL imayenda mobwerera. ApoA-I imatuluka m'chiwindi ndi m'matumbo ili pafupifupi yopanda kanthu, imatola cholesterol m'maselo kudzera pa ABCA1, kuphatikizapo ma macrophage, maselo a chitetezo, a m'khoma la mtsempha. LCAT imamusandutsa ester n'kumukankhira pakati. Kenako HDL imatsitsa kuchiwindi pa SR-B1, kapena puloteni ya m'magazi yotchedwa CETP imasinthanitsa ester ameneyo ndi triglyceride wa mu VLDL. Thupi silitha kuphwanya mphete ya cholesterol, njira yaikulu yomutulutsira ndi ndulu basi. N'chifukwa chake HDL timaitcha yabwino, ikakwera munthu ndi wotetezeka.

Mukadzafika ku Moyo, wodi ya ana onyentchera ku Queens, mudzagwira chiwindi chachikulu chofewa cha ana a kwashiorkor. Chimodzi mwa zifukwa zomwe timaphunzira n'choti chiwindi chikulephera kutumiza mafuta kunja ngati VLDL, ndiye amaunjikana mkati. Ine pamenepo ndi pomwe apoB-100 inasiya kukhala dzina la m'buku.

registrar_wa_medicine:

Achimwene a ku Ndirande, zonse mwalondola kupatula chiganizo chimodzi, chakuti HDL ikakwera munthu ndi wotetezeka. Anthu a HDL yotsika amadwaladi mtima kwambiri, koma kukweza nambalayo ndi mankhwala sikunapulumutse anthu. Torcetrapib ankatseka CETP ndipo HDL inkakwera kwambiri, koma kafukufuku wake anaimitsidwa mu 2006 chifukwa imfa zinachuluka mwa omwa mankhwalawo. Nambala ya pa lipoti ikunena cholesterol amene ali mu HDL nthawi imeneyo, siikunena kuti akufika kuchiwindi mwachangu bwanji. Nthawi zambiri HDL yotsika ndi chizindikiro cha triglycerides okwera ndi insulin resistance, kudzera mu CETP yomweyo.

Ku LDL umboni ndi wolimba mbali zonse. Wobadwa ndi LDL receptor imodzi yowonongeka, familial hypercholesterolaemia, pafupifupi munthu mmodzi pa 250, amakhala ndi LDL yokwera kuyambira ali mwana ndipo mtima umamugwira msanga. Mukaona bambo wa zaka 40 wa MI (heart attack), gwirani Achilles tendon kumva ngati cholesterol waunjikanamo, ndipo mufunse za abale ake. Mbali inayo kuli PCSK9, puloteni yomwe imawononga ma LDL receptor. Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen ku Dallas anapeza kuti anthu ena akuda amabadwa ndi PCSK9 yosagwira ntchito, LDL yawo ndi yotsika moyo wonse, ndipo mu kafukufuku wa 2006 matenda a mitsempha ya mtima anali ochepa ndi 88 peresenti mwa iwo. Mankhwala atsopano obaya a PCSK9 anachokera pamenepo. Chilichonse chonyamula apoB, kaya LDL, IDL kapena remnant, chikalowa m'khoma la mtsempha chimakodwa, ma macrophage amachimeza n'kusanduka foam cells. Chylomicron yathunthu ndi yaikulu kwambiri moti siilowa, n'chifukwa chake vuto lake ndi pancreas kuposa mtima.

China choti mudzakumana nacho msanga kuno kwathu ndi ma ARV. Ambiri anasamukira ku TLD, ARV yokhala ndi dolutegravir, kuyambira 2019, koma alipobe amene ali pa atazanavir kapena lopinavir wokhala ndi ritonavir. Mankhwalawa, makamaka lopinavir, amakweza triglycerides. Ritonavir amatsekanso enzyme ya CYP3A4, yomwe imaphwanya statin wotchedwa simvastatin, ndiye mukaphatikiza ziwirizi simvastatin amadzazana m'magazi mpaka rhabdomyolysis, kuphwanyika kwa minofu. Musanalembe statin tsegulani buku la kuchipatala la wodwala muone regimen yake. Ngati muli ritonavir, simvastatin ayi, atorvastatin yambani ndi mulingo wochepa, ndipo mumuuze wodwala kuti akamva kuwawa kwa minofu kapena mkodzo ukada abwere tsiku lomwelo.