Chithunzi cha agogo chamatirira pagalasi, ntchito ikufunika Loweruka

Wa ku Nchalo: Akuluakulu thandizeni msanga. Kasitomala akufuna kabuku ka mbiri ya banja kogawa pa mwambo wa chiliza. Chithunzi cha agogo ake aakazi n'chimodzi chokha, black and white, kumbuyo chidindo cha Port Herald (dzina lakale la Nsanje). Madzi a Freddy analowa mu felemu, chamatirira pagalasi kuyambira pachibwano mpaka pachifuwa. Ndaika pa scanner 600 dpi, chikutuluka mbuu. Ndikajambula pa foni ndikudziona ndekha pagalasipo. Ndichinyike m'madzi?

Wa ku Ngabu: Jambulani pa foni yomweyo, ponyani mu Remini, app ija yowalitsa zithunzi. Nkhani yatha.

Madala a ku Bangula: Achimwene, musanyike ndipo musamatule. Madzi a 2015 aja anatibweretsera zithunzi zotere zambiri. Mnyamata wina kuno anasenda chimodzi ndi lezala, pepala linatuluka loyera, nkhope yatsala pagalasi. Eni ake anakhala pakhonde la shopu mpaka dzuwa kulowa, osanena kanthu. Bambo wa pachithunzicho anali atavala yunifomu ya KAR (asilikali a nthawi ya atsamunda), anakamenya nkhondo ku Burma.

Wa ku Ngabu: N'chifukwa chake ndikuti Remini. Galasi simulikhudza n'komwe.

Mayi wa pa Dyeratu: Ayi achimwene. Remini imapeka nkhope. Agogo ena anali ndi mphini m'masaya, iyo inaziyesa zokalika n'kuzifufuta. Adzukulu anangoti awa si agogo athu.

Madala a ku Bangula: Scanner yanu ngati ndi ya pa printer ija ya 3-in-1, ndi ya mtundu wa CIS, imangoona bwino chomwe chagunda galasi lake, pomwe chithunzi chanucho chili kuseri kwa galasi la felemu. Pafunika scanner ya mtundu wa CCD, yomwe imaonako patali pang'ono. Apo ayi kamera pa tripod, magetsi awiri m'mbali pa 45 degrees, nsalu yakuda muiboole pakati potulukira lens. Sungani ngati TIFF (fayilo yosataya ubwino wa chithunzi), ndipo clone stamp, yophimbira malo owonongeka, muzichita pa layer ina kuti chithunzi choyambacho chisasinthe.

Mayi wa pa Dyeratu: Musamalenso mzere wa makolo. Funsani kaye. Asena amawerengera kuchimuna, Amang'anja kuchikazi. Mukaika dzina lolakwika pamwamba, akuchimuna akakana kabukuko pamanda pomwepo. Zaka nazo musangolemba za pakamwa. Aliyense amati agogo anapita ku Wenela, kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, koma Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Amene anapita ku Joni pambuyo pake ndi a TEBA, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela.

Wa ku Nchalo: Tripod ndilibe. Magetsinso azima.

Wa ku Ngabu: Foni sifuna magetsi. Ndanena kale.

Wa ku Marka: Kuno theka la mabanja mbiri yawo imayambira ku Mutarara, mayina pamapepala ndi a Chipwitikizi. Kodi glossy A4 mukugula zingati ku Limbe masiku ano?